Lipoti la Kuyesa Makobidi Asanu ndi Awiri Oganiziridwa Kuti Ali ndi Zilema za Posula

Zimene zinabweretsedwa

Lipoti ili likukhudza makobidi asanu ndi awiri amene anapatulidwa m'gulu lalikulu la ndalama zachitsulo zimene munthu wina ankasonkhanitsa ali moyo, ndipo zinatsalira m'manja mwa olowa chuma chake. Malemuwo anaika khobidi lililonse m'kaenvelopu kakekake, n'kulembapo ndi dzanja chilema chimene ankakhulupirira kuti khobidilo lili nacho. Asanu mwa makobidiwa ndi a ku United States, ndipo awiri ndi a ku Britain. Woyang'anira chuma cha masiyecho anandipempha kuti ndiyankhe mafunso awiri, loyamba ngati zilemazo zinachitikadi ku fakitale yosula ndalama, lachiwiri ngati zikukweza mtengo mokwanira kuti makobidiwo agulitsidwe paokha m'malo mowaphatikiza ndi ena onse.

Poyesa ndinagwiritsa ntchito sikelo yowerenga magalamu mpaka manambala awiri kuseri kwa kadontho, maginito, galasi lokulitsa zinthu kakhumi, maikulosikopu, ndi zithunzi za makobidi amene anatsimikiziridwa kale kuti ndi enieni. Palibe khobidi limene ndinalitsuka, kulipala kapena kulithira mankhwala.

Kumene chilema chimalowera

Zigamulo zili m'munsizi sizingamveke ngati sindiyamba ndafotokoza njira imene khobidi limadutsa, pakuti mtengo wa chilema umatsatira kwambiri malo amene chinalowera kusiyana ndi mmene chikudabwitsira maso. Chithunzi cha khobidi chimayamba pa chitsulo cholimba chimene akatswiri amachitcha hub, pomwe zilembo ndi nkhope zimakhala zotukuka monga momwe zidzaonekere pa ndalama. Hub imakanikizidwa mwamphamvu pa chitsulo china chimene chafewetsedwa ndi moto, ndipo chitsulo chachiwiricho chimasanduka chidindo, chokhala ndi chithunzi cholowa mkati komanso chotembenuka. Zidindo ziwiri, cha kumaso ndi cha kumbuyo, zimamangidwa m'makina, ndipo pakati pake pamalowa kachitsulo kozungulira kosadinda kotchedwa planchet, kamene kamagwiridwa ndi mphete yachitsulo kuti kasaphwasuke pamene zidindo zikumenya. Zidindo ziwiri zomwezo zimatha kusula makobidi zikwi mazanamazana zisanatayidwe.

Chilema chikalowa m'chidindo, chimaoneka mofanana ndendende pa khobidi lililonse limene chidindocho chasula, choncho chimatheka kuchilemba m'mabuku, kuchipatsa nambala ndi kuchitsimikiza poyerekeza ndi makobidi anzake. Chikalowa pa planchet kapena pa nthawi yomenya, chimakhala cha khobidi limodzilo basi, ndipo palibe awiri amene amafanana. Chikabwera khobidi litatuluka kale m'fakitale, kaya ndi ngozi kaya ndi dzanja la wachinyengo, chimenecho ndi kuwonongeka chabe, ndipo chimatsitsa mtengo. Makobidi asanu ndi awiriwa anagwera m'magulu onse atatu.

Masenti awiri a chaka cha 1955

Maenvelopu awiri anali ndi mawu ofanana, akuti chaka ndi zilembo zinadindika kawiri. Makobidi onse awiri ndi a senti imodzi okhala ndi nkhope ya Abraham Lincoln, osulidwa ku Philadelphia, ndipo onse alibe chilembo chosonyeza fakitale, monga momwe ziyenera kukhalira pa masenti a ku Philadelphia a nthawi imeneyo. Kufanana kwawo kunathera pomwepo.

Pa nthawiyo chidindo sichinkatha ndi kukanikiza hub kamodzi. Ankakanikiza, kufewetsanso chitsulo ndi moto, n'kukanikizanso kuti chithunzi chilowe mokwanira. Pa chidindo chimodzi cha kumaso cha mu 1955, hub inakhala itapotoka pang'ono pa kukanikiza kwachiwiri, moti chithunzi chinalowa kawiri pamalo osiyana. Popeza kupotokako kunazungulira pafupi ndi pakati pa chidindo, nkhope ya Lincoln sinasinthe kwenikweni, koma zolembedwa za kumphepete, zomwe ndi chaka, liwu lakuti LIBERTY ndi mawu akuti IN GOD WE TRUST, zinatalikirana kwambiri moti munthu amaziona ndi maso okha. Pa masenti oposa 330 miliyoni amene anasulidwa ku Philadelphia chaka chimenecho, akatswiri amayerekeza kuti a chidindo cholakwikacho amene anafika kwa anthu anali pakati pa 20,000 ndi 24,000. Ambiri anapezeka kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, ena mwa iwo m'mapaketi a ndudu zogulitsidwa ndi makina, pakuti makinawo ankalandira khobidi la masenti 25 pa paketi ya masenti 23, ndipo chenji cha masenti awiri chinkaikidwa mkati mwa pepala lokulunga paketi.

Pa khobidi loyamba ndinapeza zonse zimene chidindo chimenechi chimasiya. Zithunzi ziwiri za chilembo chilichonse ndi zotukuka mofanana ndipo zonse ndi zobulungira pamwamba, zimene zimasonyeza kuti chitsulo chinalowa m'maenje awiri a m'chidindo pa kumenya kumodzi. M'makona a zilembo muli timing'alu tosonyeza pamene chithunzi chimodzi chikuthera ndi pamene china chikuyambira, ndipo mpata wa pakati pa zithunzi ziwirizo ukufanana ndi wa pa zithunzi za makobidi otsimikiziridwa, pa nambala iliyonse ndi pa chilembo chilichonse. Mbali ya kumbuyo ilibe kudindika kawiri, ndipo izi ndi zoyenera chifukwa chidindo cha kumbuyo chinali chabwinobwino. Kumanzere kwa chilembo cha T m'liwu lakuti CENT kuli timizere tating'ono totukuka timene tinabwera chifukwa chopukuta chidindo cha kumbuyo, ndipo timeneti ndimatidalira kwambiri kuposa kudindika kawiri kwenikweniko, chifukwa wachinyengo amalimbikira kutsanzira chimene wogula akuchifuna n'kuiwala timizere timene sitioneka popanda galasi. Khobidili linalemera magalamu 3.08, pamene kulemera kwake litangosulidwa kumakhala magalamu 3.11, ndipo kusiyana kotereku n'koyembekezeka pa khobidi limene linayendako m'manja. Pamwamba pake palibe timabowo kapena timatuza timene timaoneka pa makobidi oumbidwa m'chikombole.

Chigamulo changa n'chakuti khobidili ndi lenileni. Mkuwa wake wada kale n'kukhala wofiirira, ndipo pa tsaya, pa chibwano ndi pa ngala za tirigu za kumbuyo papereseka pang'ono. Pa mlingo woyesera mmene khobidi lasungikira, umene William Sheldon anauyambitsa mu 1949, woyambira pa 1 kulekeza pa 70, ndikuliika cha pa 40. Makobidi a mtundu umenewu, ngakhale operesekawo, amagulitsidwa madola oposa 1,000, ndipo amene sanayendepo m'manja komanso akadali ndi mtundu wofiira wa mkuwa watsopano amapitirira pamenepo kangapo konse.

Khobidi lachiwiri lili ndi kamthunzi kumbali kwa nambala 5 yomaliza, koloza cha kumphepete. Pa maikulosikopu kamthunziko n'kofufuma, kopanda malire akuthwa, ndipo chitsulo chozungulira manambala chili ndi timizere tambiri toyenda kuchokera pakati kupita kumphepete. Izi ndi zizindikiro za chidindo chimene chinagwira ntchito mopitirira nthawi yake. Chitsulo cha planchet chikamasefukira cha kumphepete pa kumenya kulikonse, chimadya pang'onopang'ono milomo ya zilembo za m'chidindo, ndipo potsiriza zilembozo zimatuluka ndi mthunzi. Zidindo zambiri za mu 1955 zinafika pamenepa, choncho makobidi otere ndi ochuluka zedi. Ogulitsa ena analipatsa dzina lakuti kudindika kawiri kwa amphawi, ndipo m'kuona kwanga dzina limenelo lasocheretsa anthu ambiri, chifukwa limapangitsa munthu kuganiza kuti ali ndi mng'ono wake wa khobidi lotchuka lija, pamene chiyambi cha zinthu ziwirizi n'chosiyana kotheratu. Mtengo wake sungapitirire madola ochepa.

Pali mtundu wachitatu wa kudindika kawiri umene sunapezeke m'gulu ili koma olowa chuma angakumane nawo pamene akusanthula makobidi otsalawo. Chidindo chikakhala cholobodoka m'makina, chimadumpha kapena kuterereka pang'ono chikangomenya, n'kuphwanya mbali imodzi ya chilembo chimene changotukuka kumene. Chotsatira chake ndi kasitepe kophwatalala, konyezimira, kamene kamachepetsa kunenepa kwa chilembo. Pa kudindika kawiri kwa m'chidindo chilembo chimanenepa, pamene apa chimaonda, ndipo osonkhanitsa salipira kanthu kowonjezera pa chilema chimenechi.

Senti ya chaka cha 1943

Pa envelopu panalembedwa kuti khobidili ndi la mkuwa. Mu 1943 mkuwa unkafunika pa nkhondo, choncho masenti a chaka chimenecho anasulidwa ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki. Maplanchet ochepa a mkuwa amene anatsalira kuchokera mu 1942 analowa m'makina mwangozi, ndipo makobidi amene anatuluka ndi osowa kwambiri, moti limodzi losulidwa ku Denver linagulitsidwa madola 1.7 miliyoni mu 2010. Khobidi la m'envelopuli linamatirira ku maginito nthawi yomweyo, ndipo linalemera magalamu 2.7, komwe ndi kulemera kwa senti yachitsulo. Ndi khobidi wamba limene wina analikuta ndi mkuwa pamwamba. Chinyengo china chodziwika pa khobidi limeneli ndi kupala nambala 8 ya chaka cha 1948 kuti ioneke ngati 3, ndipo chimenecho maginito sachigwira, koma chimagwidwa poona mchira wa nambala 3, umene pa khobidi lenileni umakhala wautali n'kutsikira pansi. Kukuta ndi mkuwako kunachotsa ngakhale kamtengo kochepa kamene senti yachitsulo imakhala nako.

Njati ya miyendo itatu

Ili ndi khobidi la masenti asanu la chaka cha 1937, lokhala ndi chilembo cha D chosonyeza fakitale ya ku Denver. Chithunzi chake, chimene anajambula James Earle Fraser ndipo chinagwiritsidwa ntchito kuyambira 1913 mpaka 1938, chili ndi njati ya ku America kumbuyo. Pa khobidili mwendo wakutsogolo wa kumanja kulibe, koma chiboda chake chikuoneka chili chokha pansi.

Chilemachi chinabwera chifukwa chopukuta chidindo mopitirira muyeso. Zidindo zikagundana popanda planchet pakati, kapena zikachita zipsera zina, wogwira ntchito amapala nkhope ya chidindo kuti zipserazo zichoke. Kupalako kumatsitsa nkhope yonse, ndipo mbali za chithunzi zimene sizinalowe kwambiri m'chidindo zimafufutika poyamba. Mwendo wa njatiwo unali mbali yosazama, choncho unachoka, pamene chiboda, chomwe chinali chozama, chinatsala. Popeza n'kosavuta kutenga khobidi wamba la 1937 n'kuchotsa mwendo ndi tupa, kusowa kwa mwendoko pakokha si umboni. Ndinafufuza zizindikiro zina za chidindo chomwecho, ndipo zonse zinapezeka. Mwendo wakumbuyo wa kumanja ndi woonda komanso wodyekadyeka, pansi pa mimba ya njati pali mzere wa timadontho totukuka totsikira pansi, ndipo zilembo zoyamba za mawu akuti PLURIBUS ndi UNUM sizikukhudza msana wa njati chifukwa msanawo unachepa pa kupala kuja. Pamalo pamene mwendo unayenera kukhala palibe zipsera za chida, ndipo chitsulo chake n'chofanana ndi cha malo ozungulira.

Khobidili ndi lenileni, koma linatsukidwa. Ndikalitembenuza pansi pa nyale pamaoneka timikwingwirima tambiri toyenda mbali imodzi, kudutsa pa nkhope ndi pa malo osalala, ndipo kuwala kwake ndi kotuwa, kosafanana ndi kwa khobidi limene lakalamba lokha. Makampani oyesa makobidi, monga PCGS imene inayamba mu 1986 ndi NGC imene inayamba mu 1987, amatsimikiza khobidi lotere kuti ndi lenileni koma salipatsa nambala pa mlingo wa Sheldon, m'malo mwake amalemba kuti linatsukidwa. Ogula ambiri amalambalala makobidi okhala ndi mawu amenewo, ndipo ndikuyembekeza kuti mtengo utsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso kufika theka, poyerekeza ndi linzake loperesedwa mofanana koma losatsukidwa. Ngakhale zili choncho lingabweretse madola mazana angapo.

Khobidi limeneli limaonetsa bwino mbali ya mtengo imene sichokera ku chitsulo. Zidindo zopalidwa mopitirira zinalipo zambiri, ndipo pali makobidi ena amene anataya nthenga, tsitsi kapena zilembo zing'onozing'ono mwa njira yomweyo koma sanatchuke ngati limeneli. Njati iyi inatchuka chifukwa chilema chake chimaoneka popanda galasi, chili ndi dzina losavuta kukumbukira, ndipo chinalowa m'mabuku a mitengo mpaka osonkhanitsa ambiri anayamba kuona kuti gulu lawo silinakwane ngati mulibe khobidili. Kusowa kumafunika kukumana ndi anthu ofuna chinthucho, apo ayi mtengo sukwera.

Makobidi awiri a ku Britain

Loyamba ndi la mapeni 20 lopanda chaka mbali zonse ziwiri. Kuyambira 1982 chaka pa khobidi limeneli chinkalembedwa kumbuyo, koma mu 2008 Royal Mint, bungwe losula ndalama za ku Britain, inayamba kugwiritsa ntchito chithunzi chatsopano cha kumbuyo chimene anajambula Matthew Dent, chosonyeza chigawo cha chishango cha ufumu, ndipo chaka chinasamutsidwira kumaso. Ku fakitale ya ku Llantrisant, m'dziko la Wales, chidindo chakale cha kumaso chinamangidwa pamodzi ndi chidindo chatsopano cha kumbuyo, ndipo zonse ziwiri zinalibe chaka. Khobidi losulidwa ndi zidindo zosayenera kukhala pamodzi akatswiri amalitcha mule. Pa khobidi la m'envelopuli kakonzedwe ka zilembo za kumaso n'kofanana ndi ka chidindo chakale, palibe pamene papalidwa, ndipo likulemera magalamu 5 monga momwe liyenera kukhalira. Ndi lenileni.

Mtengo wake, komabe, ndi wapakatikati. Akuyerekeza kuti makobidi otere amene anatuluka sanafike 250,000, chiwerengero chimene ndi chochepa poyerekeza ndi makobidi onse a mapeni 20, koma n'chachikulu kwambiri poyerekeza ndi anthu amene amawasonkhanitsa. Nkhaniyi itamveka m'manyuzipepala mu 2009 mitengo inakwera mosayenera, kenako inatsika anthu atayamba kuwapeza m'matumba mwawo. Lero khobidi loyendako m'manja ngati ili limagulitsidwa mapaundi makumi angapo.

Lachiwiri ndi la mapeni awiri la chaka cha 1971 lolembedwa NEW PENCE. Apa panalibe chofuna maikulosikopu. Mawu amenewa anali pa makobidi onse a mapeni awiri kuyambira 1971 mpaka 1981, ndipo a chaka cha 1971 okha anasulidwa oposa biliyoni imodzi. Losowa ndi la chaka cha 1983, pamene mawu anali atasinthidwa kale kukhala TWO PENCE koma makobidi ochepa anasulidwa ndi chidindo chakale. Zikuoneka kuti malemuwo anamva za mawuwo koma osamva za chaka. Khobidili lilibe mtengo woposa umene walembedwa pa ilo.

Kota yobenthuka

Lomaliza ndi khobidi la masenti 25 la ku United States, lotchedwa kota, la m'zaka za m'ma 1970, limene mphepete yake yabenthuka mokhota ngati mwezi watsopano. Maplanchet amadulidwa kuchokera pa chitsulo chachitali chophwatalala, ndipo chitsulocho chikapanda kusuntha mokwanira, chodulira chimagwera pang'ono pa bowo limene chadula kale, n'kutulutsa planchet yosakwanira. Chilema chimenechi n'chosavuta kutsanzira ndi chida chodulira zitsulo, koma pali umboni umene wotsanzira sangaupange mosavuta. Planchet isanamenyedwe imadutsa m'makina amene amaifinya m'mbali kuti mkombero utukuke, ndipo pamene pabenthuka makinawo amasowa pokankhira, choncho mkombero wa mbali yoyang'anizana ndi pobenthukapo umatuluka wofooka. Akatswiri amachitcha chizindikiro cha Blakesley, ndipo pa khobidili chikuoneka bwino. Zilembo zoyandikana ndi pobenthukapo zikuzimiririka cha kumapeto, kusonyeza kuti chitsulo chinasefukira pa mpatawo pa nthawi yomenya, ndipo kulemera kwake ndi magalamu 5.3 m'malo mwa 5.67.

Chilemachi chinachitikadi ku fakitale, koma mtengo wake ndi wa madola ochepa. Makobidi obenthuka alipo ambiri pa zaka zonse, ndipo popeza palibe awiri ofanana, palibe mndandanda umene wosonkhanitsa angafune kuumaliza. Pa zilema za mtundu uwu mtengo umakwera kokha ngati chilemacho ndi chachikulu modabwitsa, mwachitsanzo khobidi lomenyedwa kumbali moti theka lake n'losadinda koma chaka chikuwerengekabe, kapena khobidi losulidwa pa planchet ya ndalama ina.

Zimene ndalangiza

Senti yoyamba ya 1955 ndi khobidi la njati zitumizidwe ku imodzi mwa makampani oyesa makobidi zisanagulitsidwe. Onse awiri ndi mitundu imene imapangidwa mwachinyengo kawirikawiri, ndipo wogula wodziwa salipira mtengo wathunthu pa khobidi lotere ngati silinatsekeredwe m'kabokosi kotsimikizira ka kampani yodziwika, ngakhale lipoti langa likunena kuti ndi lenileni. Zikabwerako zigulitsidwe pa okishoni ya makobidi, ndipo pa khobidi la njati pafotokozedwe poyera kuti linatsukidwa.

Khobidi la mapeni 20 ndi kota yobenthuka zigulitsidwe paokha popanda kuzitumiza kokayesedwa, chifukwa ndalama zolipira kuyesa ndi kutumiza zingadye gawo lalikulu la mtengo wake, kapena wonse. Senti yachiwiri ya 1955 ndi khobidi la mapeni awiri zibwezedwe m'gulu lalikulu. Senti ya 1943 isagulitsidwe ili m'envelopu yolembedwa kuti ndi ya mkuwa, ndipo ngati ikusungidwa ilembedwe kuti ndi yachitsulo yokutidwa, kuti isadzanyenge wina m'tsogolo.

Pa makobidi otsala m'gulu lalikulu, ndapempha kuti pasakhale lotsukidwa kapena kupukutidwa ngakhale ndi nsalu yofewa, kuti agwiridwe m'mphepete mokha, ndiponso kuti amene ali m'mapulasitiki ofewa achotsedwemo, pakuti pulasitiki wotere akakhalitsa amatulutsa mankhwala obiriwira amene amadya mkuwa. Masenti a Lincoln ndi makobidi a njati a m'gulumo sanasanthulidwe limodzi ndi limodzi, ndipo ayenera kuonedwa ndi galasi asanagulitsidwe mochuluka, makamaka pa chilembo cha fakitale, chimene ku United States chinkakhomedwa ndi dzanja pa chidindo chilichonse mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo nthawi zina chinkakhomedwa kawiri pamalo osiyana.